Masiku 11 opanda chitsekerero

Ndimagula katundu pa fakitale yaing'ono yopanga sopo wamadzi ndi mankhwala otsukira magalasi ndi matailosi. Tilipo anthu 19, ndipo makina othirira m'mabotolo ndi amodzi. Zolembazi ndinayamba kuzisunga m'kope tsiku lomwe makinawo anaima, ndipo ndazikopera momwe zinalili, ndangochotsa mayina a makampani omwe timagulako. Ndalama ndazilemba poyerekeza ndi zinthu zina, popeza manambala athu enieni sangafanane ndi anu.

8 Januwale 2024

Makina aima 10 koloko m'mawa. Sopo alipo, matanki awiri odzaza. Mabotolo alipo, malebulo alipo, makatoni aunjikana mpaka kudenga. Chomwe chatha ndi zitsekerero zopopera, zija zokhala ngati kamfuti zomwe umafinya ndi zala mankhwala n'kumatuluka ngati nkhungu. Pa ndalama zonse zomwe timagulira katundu pachaka, zimenezi sizifika ndi 4 peresenti yomwe.

Kontena yake inayenera kufika pa 27 Disembala. Sitima ya Galaxy Leader inalandidwa pa Red Sea pa 19 Novembala, ndipo pofika pakati pa Disembala makampani a sitima a Maersk, Hapag-Lloyd, MSC ndi CMA CGM anali atasiya kudutsa njira ya Suez n'kumazungulira ku Cape of Good Hope. Kuzungulirako kumawonjezera masiku 10 kapena kuposerapo pa ulendo wa pakati pa Asia ndi Europe. Ine ndinkaona nkhanizi pa foni n'kumati si zathu. Ndinaiwala kuti sitima ikachedwa kupita imachedwanso kubwerera, makontena opanda kanthu n'kusowa komwe akufunika, ndondomeko ya madoko ambiri n'kusokonekera. Kontena yathu anaitsitsa pa doko losinthira sitima, ndipo mpaka lero ili pomwepo kudikira ina.

19 Januwale

Tayambiranso. Tinachita kuitanitsa zitsekerero 12,000 pa ndege, ndipo ndalama yonyamulira inaposa mtengo wa zitsekererozo. Antchito onse alandira malipiro a masiku 11 osathira botolo ndi limodzi lomwe. Chopweteka kwambiri n'chakuti kasitomala wathu wamkulu wachiwiri, atadikira sabata, anadzaza mashelefu ake ndi sopo wa anzathu opikisana nawo.

Madzulo bwana anandiitana. Sanakalipe, ndipo n'chomwe chinandiopsa. Anangoti, "Mupeze njira yoti izi zisadzachitikenso. Koma musabwere kudzandiuza kuti tizigula chilichonse kawiri, ndalama zimenezo tilibe."

29 Januwale

Ndinayenda ndi mkulu wa makina kuchokera pomwe madiramu amatsikira mpaka pomwe makatoni amakwerera galimoto, tikulemba chilichonse chomwe chitati chisowe ntchito ingaime. Zakwana 63. Pa chilichonse ndinaika manambala awiri okha. Yoyamba ndi masiku omwe tingagwire ntchito ndi zomwe zili m'nyumba muno wogulitsa atasiya kutumiza lero. Yachiwiri ndi masiku omwe angadutse kuti tipeze china cholowa m'malo, chitafika pakhomo komanso chitayesedwa. Njirayi si yanga. David Simchi-Levi wa ku yunivesite ya MIT ku America anaigwiritsa ntchito ndi kampani ya Ford pafupifupi zaka khumi zapitazo. Chomwe ndaikondera n'chakuti sufunika kulosera tsoka lomwe likubwera. Kaya ndi moto, kaya nkhondo, kaya mwini fakitale wamwalira ana n'kuyamba kulimbirana chuma, funso ndi lomwelo.

Pomwe nambala yachiwiri yaposa yoyamba ndinapaka inki yofiira. Zofiira zatuluka 9, ndipo si zomwe ndinkayembekezera. SLES, mankhwala otulutsa thovu omwe amadya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a ndalama zathu, sanafiire. Ogulitsa ake ndi ambiri, komanso popeza ndi odula ndakhala ndikuwalondera ngati mwana wakhanda. Zomwe zafiira ndi tinthu tomwe sindinkataya nato tulo: zitsekerero (tingapirire masiku 21, kupeza zina masiku 75), malebulo, zonunkhiritsa ziwiri, timphira ta m'mapisitoni a makina othirira, ndi inki ya makina odindira deti. Inkiyo ndinkaiwala kuti ilipo. Imabwera m'kabotolo kokwana m'thumba la malaya, makinawo salola ya kampani ina, ndipo botolo lopanda deti ndi nambala ya gulu silingatuluke pa geti.

Ndinadzitonthoza pokumbukira za kampani ya Aisin. Pa 1 Febuluwale 1997 moto unawononga fakitale yawo ku Kariya, ku Japan, yomwe inkapanga kavalavu kakang'ono ka mabuleki a pafupifupi magalimoto onse a Toyota, ndipo mafakitale a Toyota m'dzikomo anaima masiku angapo. Ngati zinagwera iwo, ine ndine yani.

Ntchitoyi yadya masiku anga asanu ndi awiri a mkulu wa makina. Ndalama palibe.

14 Febuluwale

Mafakitale a ku China atseka chifukwa cha chaka chawo chatsopano, chomwe chinali pa 10, choncho maimelo anga okhudza zitsekerero akungogona. M'malo mwake ndakhala ndikuimbira ogulitsa zinthu zina zofiira zija ndi funso limodzi: inu mumagula kuti?

Funso limeneli silikondedwa. Pa ogulitsa 9, anayi anayankha bwinobwino, atatu anazungulirazungulira, awiri anaganiza kuti ndikufuna kuwadumpha n'kumakagula ndekha komwe amagulako. Mmodzi anandiuza maso ndi maso kuti, "Achimwene, chimenecho ndiye chinsinsi chomwe ndimadyera." Ndinasintha kafunsidwe. Dzina sindikufunanso, ndikungofunsa dziko, ngati ali ndi gwero limodzi kapena awiri, ndi masiku omwe angapirire gwerolo litatseka. Apa ambiri anamasuka.

Zomwe ndapeza zandiziziritsa nkhongono. Pa malebulo ndimadzitama kuti tili ndi osindikiza awiri. Onse awiri amagula mapepala omata kwa munthu mmodzi. Opanga mabotolo athu awiri nawonso amatenga pulasitiki ya HDPE kwa wamalonda mmodzi. Ndiye kuti pa pepala tili ndi ogulitsa anayi, koma zitseko ndi ziwiri. Amene ankagula pulasitiki mu 2021 akukumbukira momwe chisanu cha mu Febuluwale chaka chimenecho chinatsekera mafakitale a mankhwala ku Texas, pulasitiki n'kusowa kwa miyezi ngakhale kwa anthu amene sanagulepo kanthu ku America. Toyota nayo, chivomerezi cha pa 11 Malichi 2011 chitachitika, inatenga nthawi kuti ingodziwa kuti ndi ogulitsa ati a pansipansi omwe akhudzidwa, ndipo pambuyo pake inapanga kaundula wofika mpaka kwa iwowo. Wanga ndi tsamba limodzi la Excel, koma ndi poyambira.

Za malebulo ndazikonza mosavuta. Wosindikiza mmodzi wavomera kutisungira mapepala opanda kanthu okwana miyezi iwiri, ife n'kulipiriratu theka. Za HDPE ndazisiya kaye.

11 Malichi

Zitsanzo za zitsekerero zochokera kwa wogulitsa wachiwiri zafika. Maonekedwe ake ndi abwino, kupopa kwake kofewa kuposa zathu zakale. Tinadzaza mabotolo 50, kutseka, n'kuwagoneka chammbali pa mapepala oyera. Titabwera patatha masiku awiri, mabotolo 31 anali atanyowetsa pepala.

Wolakwa ndine. Mu imelo ndinangolemba kuti khosi la botolo ndi 28. Mabotolo athu ndi 28/400, zomwe zabwera ndi 28/410. Zonse n'zotambalala mamilimita 28 ndipo zimalowa bwinobwino, munthu n'kumaona ngati zatseka. Koma khosi la 410 ndi lalitali, mzere wake umazungulira kamodzi ndi theka pomwe wa 400 umazungulira kamodzi. Ukaika chitsekerero cha 410 pa botolo la 400, m'munsi mwake mumagunda phewa la botolo kamphira kamkati kasanakhudze mlomo. Dzanja limamva kuti chathina, koma mkati muli mpata. Mkulu wa makina anadula chimodzi pakati ndi sowo n'kundionetsa mpatawo, wongolowa chikhadabo.

Mwayi wake zinali zitsanzo chabe. Bwana ankafuna tiode 30,000 nthawi yomweyo, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera.

8 Epulo

Zitsanzo zachiwiri sizikudontha, koma kapaipi koyamwira mankhwala n'kakafupi ndi mamilimita 15. Kasitomala azidzataya botolo mankhwala akadalimo, n'kumatinena kuti ndife akuba. Tsopano ndasiya kufotokoza ndi mawu. Ndatumiza chojambula chokhala ndi miyezo yonse pamodzi ndi mabotolo athu khumi opanda kanthu kuti aziyesera komweko. Izi ndikanachita mu Febuluwale ndikanapulumutsa milungu isanu ndi umodzi.

Nkhondo yeniyeni ya sabata ino inali ndi amayi a akaunti. Ndinapita ndi pepala lopempha kuti tizisunga katundu wa miyezi itatu pa chilichonse. Analiwerenga, n'kuvula magalasi. "Bambo, ndalama zomwe mukufuna kukagoneka pa shelefuzi n'zomwe timalipirira anthu pakutha pa mwezi. Mukauze antchito nokha kuti malipiro awo asanduka zitsekerero." Ine ndinayankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, katundu ali panyanja ndi wa mphepo. Ndinawakumbutsanso za sitima ya Dali yomwe inagunda mlatho wa Francis Scott Key pa 26 Malichi, doko la Baltimore ku America n'kutsekeka mwadzidzidzi. Iwo anangoti mwambi sulipira lendi.

Anali ndi mfundo, ndipo pepala langa linali laulesi. Tinakhala pansi ndi manambala awiri aja. Tagwirizana kuwonjezera pa zofiira zokha, ndipo chilichonse chiwonjezeredwe mongokwanira kutseka kusiyana kwa manambalawo, kuphatikizapo masiku 10 apadera. Timphira ndi inki ndi zotsika mtengo moti tagula za chaka chonse osakambirana n'komwe. Zonse pamodzi zamanga ndalama zofanana ndi malipiro a antchito onse a mwezi umodzi ndi theka. Pempho langa loyamba likanamanga kuwirikiza kanayi.

13 Meyi

Zitsanzo zachitatu zakhoza. Wogulitsa wachiwiriyu ndi wodula ndi 14 peresenti, koma ali pafupi, katundu wake amabwera pa galimoto m'masiku 35 kuchokera tsiku la oda. Taoda koyamba.

Walira mvula walira matope. Mashelefu atadzaza, anyamata anaunjika makatoni a zitsekerero pansi pa simenti pafupi ndi khoma lomwe limalowa chinyezi. Mizere iwiri yapansi yafewa n'kuphwanyika, zitsekerero pafupifupi 900 zathyoka timfuti. Tagula mapaleti 20 ndipo tajambula mzere wachikasu theka la mita kuchokera kukhoma. Ndinapezanso kuti aliyense amatenga katoni yomwe ili pafupi ndi khomo, yomwe ndi yatsopano, zakale n'kumakalamba kumbuyo. Pa zitsekerero palibe vuto lalikulu, koma zonunkhiritsa zimasintha fungo zikakhalitsa ndipo malebulo amapindika m'mbali kukatentha. Tsopano katoni iliyonse ikulembedwa mwezi wofikira ndi cholembera chachikulu mbali zonse zinayi, ndipo zatsopano zimalowera kumbuyo kwa shelefu.

24 Juni

Ili ndiye bala lodzibaya ndekha. Kumapeto kwa Epulo mitengo yonyamulira makontena inayambanso kukwera, ndipo mu Meyi kunamveka kuti sitima zikuima pamzere masiku angapo ku Singapore. Mantha a Januwale anandibwerera. Ndinaoda SLES wa miyezi itatu kwa wogulitsa wathu wa nthawi zonse, ndipo poopa kuti achedwa ndinaodanso wa miyezi iwiri kwa wina, osauza amayi a akaunti mpaka ma invoisi atafika. SLES yemweyo amene sanafiire pa mndandanda wanga.

Makontena onse awiri anafika sabata imodzi. Malo oika madiramu panalibe. Kuwonjezera apo, pa imodzi kulemera kolembedwa pa invoisi kunasiyana ndi kwa pa pepala la mndandanda wa katundu, ndipo a kasitomu anaigwira mpaka wogulitsa atatumiza mapepala okonzedwa. Kampani ya sitima imakupatsa masiku ochepa aulere, akatha imayamba kuwerenga demurrage, chindapusa chochedwetsa kontena, tsiku ndi tsiku, ndipo mtengo wa patsiku umakwera ukamachedwa. Tinapitirira ndi masiku 9. Ndalama imeneyo inameza phindu lonse lomwe ndinkati ndapulumutsa pogula mitengo isanakwere.

Chomwe chinandichititsa manyazi kwambiri ndi mawu a wogulitsa woyamba uja. Anati makasitomala ake ambiri anachita chimodzimodzi mwezi womwewo, iye n'kuoda kawiri kwa opanga, ndipo tsopano aliyense wakhuta, mafoni ali zii. Kusowa komwe ndinkaopa ndinathandiza nawo kukupanga.

Malamulo awiri atsopano. Oda iliyonse yoposa yanthawi zonse ndi theka isayinidwe ndi anthu awiri. Mapepala onse a kontena tiziwaona ife ndi ejenti wathu sitima isananyamuke, osati itafika. Ndapemphanso masiku aulere 14 m'malo mwa 7 pa mgwirizano wotsatira, ndipo andipatsa 10.

22 Julayi

Lachisanu pa 19 pulogalamu ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows padziko lonse, okwana pafupifupi 8.5 miliyoni malinga ndi Microsoft. Ife sitinakhudzidwe, koma ndinayang'ana laputopu yanga n'kuzindikira kuti mndandanda wonse wa zinthu 63, manambala a foni a ogulitsa, zojambula za khosi la botolo, zonse zili mmenemo mokha. Mu Juni 2017 pulogalamu yowononga ya NotPetya inafafaniza makompyuta a Maersk, kampaniyo n'kutaya madola pakati pa 250 ndi 300 miliyoni, ndipo chomwe chinathandiza kuyambiranso ndi seva imodzi ya ku Ghana yomwe inapulumuka chifukwa magetsi anali atazima. Mwayi wotero sindingaudalire. Ndasindikiza zonse, mafayilo awiri, imodzi mu ofesi ina kunyumba kwa bwana, ndipo ndiziwasintha pa 1 mwezi uliwonse.

9 Sepitembala

Tinayeserera. Lolemba m'mawa ndinamanga tepi pa shelefu ya zitsekerero za wogulitsa woyamba n'kulembapo kuti kampaniyi yapsa, musakhudze mpaka Lachisanu. Amene ankadziwa ndi bwana okha.

Ndinkaganiza kuti tingotsegula makatoni a wachiwiri n'kupitiriza. Tinataya maola atatu. Zitsekerero zatsopanozi zili ndi timizere takunja tosiyana, choncho mutu wa makina otsekera umaterereka pokhapokha usinthidwe ndipo mphamvu yothinira ichepetsedwe. Amene ankadziwa zimenezi ndi mkulu wa makina yekha, popeza ndiye anayesa mu Meyi, ndipo sabata imeneyo anali pa tchuthi. Mutu winawo tinaupeza m'dirowa yake titamuimbira kanayi. Mnyamata amene anatsala pa makinawo anayamba wathina mopitirira, zitsekerero 200 n'kung'aluka.

Kenaka ndinaimbira wogulitsa wachiwiri ngati kuti ngozi ndi yeniyeni, kumufunsa kuti angatipatse 40,000 liti. Anaseka. "Achimwene, munagula kamodzi mu Meyi n'kungoti zii. Lero mukufuna ndisiye anthu amene amagula mwezi ndi mwezi kuti ndiyambe inu?" Anati milungu 8, osati masiku 35 omwe ndinalemba pa mndandanda wanga. Ndipo tsiku lomwe wogulitsa wamkulu adzapse zenizeni, makasitomala ake onse adzaimbira munthu yemweyu ola lomwelo.

Apa ndiye ndinamvetsa kuti dzina lolembedwa pa pepala si wogulitsa. Tasintha kagulidwe: pa oda iliyonse, 70 peresenti kwa woyamba, 30 kwa wachiwiri, mwezi ndi mwezi, kaya kuli vuto kaya kulibe. Zikukweza ndalama ya zitsekerero ndi 4 peresenti, ndipo woyamba uja atamva anachotsa kuchotsera kwa 2 peresenti komwe ankatipatsa. Amayi a akaunti anasayina osanena kanthu, zomwe kwa iwo ndi chivomerezo chachikulu. Miyezo ya makina a zitsekerero zonse ziwiri tailemba pa pepala lokutidwa ndi pulasitiki n'kulimata pa makinawo, mutu winawo ukulendewera pa msomali pambali pake, ndipo anthu atatu aphunzira kuusintha. Wothamanga kwambiri akutenga mphindi 12.

18 Novembala

Mayeso enieni anabwera osaitanidwa. Wogulitsa woyamba atatsegula pambuyo pa tchuthi cha ku China cha pa 1 mpaka 7 Okutobala, chikombole chake chimodzi choumbira zitsekerero chinang'aluka, ndipo anatiuza patatha masiku 12, titachita kufunsa tokha. Oda yathu yachedwa milungu inayi. Tinali ndi zitsekerero za masiku 58 pa shelefu, wachiwiri anawonjezera gawo lake m'masiku 30, ndipo makina sanaime ngakhale ola limodzi. Bwana anamva nkhaniyi itatha kale. Kasitomala uja wa Januwale watibwezera theka la shelefu, theka linalo anzathu aja akadakhalapo.

Ndawerengeranso manambala awiri aja pa zinthu zonse 63. Zofiira zatsala 3. Inki ya deti ikadali ndi gwero limodzi, ndipo yomwe tinagula ya chaka chonse ili ndi tsiku lake lothera ntchito mu Malichi, zomwe sindinaone pogula. HDPE ikadali kwa wamalonda mmodzi yemwe uja.

Chachitatu n'chatsopano, ndipo chatulukira chifukwa cha chikombole chong'aluka chija. Ndinadzifunsa kuti nanga chikombole cha botolo lathu, lomwe lili ndi maonekedwe athuathu, ndi cha yani? Tinalipira zochipangira mu 2019, koma ndafufuza m'mafayilo onse osapeza pepala lonena kuti ndi chathu. Invoisi yake imangoti zipangizo. Chili ku fakitale ya wopanga mabotolo woyamba, ndipo wachiwiri amatipangira botolo wamba lomwe silikwana bwino m'makatoni athu. Fakitale imeneyo itagwa mawa, chikombolecho chingawerengedwe pa katundu wogulitsidwa kubweza ngongole zawo, ndipo kupanga china ndi milungu yosachepera 10.

Kalata yopempha kuti asayine kuti ndi chathu inapita Lachitatu lapitali. Sanayankhe. Lachinayi ndikupita komweko ndi mkulu wa makina, titanyamula kachitsulo kolembedwa dzina la kampani yathu ndi misomali inayi yokhomera.